Zimene Chithunzi cha Nyumba Chimasunga ndi Zimene Chimabisa

Anthu ambiri amene angazindikire Taj Mahal, nsanja ya Eiffel kapena kachisi wa Parthenon atangoona kamodzi sanapondepo pamalo pamene nyumbazi zili. Anazidziwira pa chithunzi, ndipo kawirikawiri chimakhala cha mbali imodzimodzi, chojambulidwa munthu ataima pamalo amodzimodzi, dzuwa lili pa msinkhu womwewo. Ngakhale akatswiri olemba mapulani a nyumba anaphunzira mbali yaikulu ya luso lawo poyang'ana zithunzi za m'mabuku ndi m'magazini, chifukwa palibe amene angayendere ntchito zonse za anzake. Nyumba siisamuka pamene anaimanga, koma chithunzi chake chimafika kulikonse. Motero kwa zaka pafupifupi 200 mbiri ya nyumba zotchuka yakhala ikudutsa m'manja mwa anthu ojambula, amene amasankha poima, nthawi yojambula ndi zinthu zimene zitsale kunja kwa chithunzi. Wofuna kuwerenga mbiri ya nyumba kudzera m'zithunzi ayenera kudziwa mmene zosankha zimenezi zimachitikira, apo ayi adzatenga maganizo a wojambula n'kumati ndi mmene nyumbayo ilili.

Ubale wa kamera ndi nyumba unayamba pa chifukwa chosavuta kumva. Zipangizo zoyambirira zinkachedwa kwambiri kugwira kuwala, ndipo nyumba ndi chinthu chimene chimakhala phee tsiku lonse osatopa. Chithunzi chakale koposa cha kamera chimene chilipo mpaka lero anachijambula ndi Nicéphore Niépce mu 1826 kapena 1827, pa zenera la nyumba yake ya Le Gras ku France. Anapaka mtundu wina wa phula pa kachitsulo kosalala n'kusiya kamera itatsegula kwa maola osachepera 8, mwinanso masiku angapo. Pachithunzicho pali madenga ndi makoma, ndipo dzuwa likuwomba makoma a kumanzere ndi a kumanja pa nthawi imodzi, chifukwa linali litayenda kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo kamerayo ikadajambulabe. Choncho ngakhale chithunzi choyambacho sichinaonetse nyumba mmene munthu woima pazenerapo akanazionera. Ku England nako, negetivu yakale koposa imene yasungika ndi ya zenera la nyumba ya Lacock Abbey, imene William Henry Fox Talbot anajambula papepala mu 1835.

Chithunzi cha Louis Daguerre cha msewu wa Boulevard du Temple mu Paris, cha mu 1838, chinasiya chizolowezi chimene sichinathebe. Msewuwo unali wodzaza ndi ngolo ndi anthu oyenda pansi, koma popeza kamera inafunika mphindi zingapo, chilichonse choyenda chinasowa, n'kutsala nyumba, mitengo ndi munthu amene anaima nthawi yaitali akupukutitsa nsapato. Mzinda wopanda anthu umenewu unabwera chifukwa cha kufooka kwa zipangizo, koma maso a anthu anauzolowera mpaka kuukonda, ndipo filimu yofulumira itapezeka, ojambula nyumba anapitirizabe kulawirira m'mamawa kapena kudikira kuti anthu achoke. Mpaka lero magazini ambiri a zomangamanga amaonetsa masukulu opanda ana ndi zipatala zopanda odwala, ngati kuti nyumba imakhala bwino koposa isanayambe ntchito imene anaimangira.

Boma la France ndi limene linayamba kuona kuti kamera ingakhale kaundula wa nyumba zakale. Mu 1851 bungwe loyang'anira nyumba zakale, limene wolemba nkhani Prosper Mérimée anali woyendera wake wamkulu, linatuma ojambula asanu, Édouard Baldus, Hippolyte Bayard, Gustave Le Gray, Henri Le Secq ndi Auguste Mestral, kuti agawane zigawo za dzikolo ndi kujambula matchalitchi, milatho ndi mipanda yamiyala imene inkafunika kukonzedwa. Anabwera ndi manegetivu oposa 250, ndipo bungwelo linangowatsekera m'makabati osawasindikiza. Phindu lake linaoneka mochedwa. Le Gray ndi Mestral anajambula mzinda wa mpanda wa Carcassonne katswiri wa mapulani a nyumba Eugène Viollet-le-Duc asanayambe kuukonzanso, ndipo zithunzi zawo zikuonetsa nsanja zogumuka pamwamba, zambiri zopanda madenga. Madenga osongoka amene alendo amawajambula lero n'kumati ndi a zaka za m'ma 1200 anawaika ndi Viollet-le-Duc ndi amene anapitiriza ntchito yake, ndipo anthu ena anawadzudzula kuti kamangidwe kake ndi ka kumpoto kwa France pamene mzindawo uli kum'mwera. Popanda zithunzi za 1851, kukanakhala kovuta kulekanitsa zimene amisiri akale anamanga ndi zimene wokonzayo anaganiza kuti anayenera kumanga.

Apa ndi pamene zithunzi zakale zimathandiza kwambiri: zimagwira nyumba ili pakati pa ulendo wake, anthu asanagwirizane kuti maonekedwe ake enieni ndi ati. Mu 1839 Pierre-Gustave Joly de Lotbinière anajambula Parthenon ku Athens, ndipo ngakhale chithunzi chenichenicho chinatayika, chojambula chimene anakopera pa icho chikuonetsa kamzikiti kataima pakati pa nsanamira za kachisiyo. Kamzikitiko anakamanga m'mabwinja pambuyo poti onga wosungidwa m'kachisimo waphulika mu 1687, ndipo anakagwetsa patangopita zaka zochepa chijambulireni. Paphiri la Acropolis, pamene kachisiyo ali, panalinso nsanja yaitali ya m'nthawi ya olamulira ochokera kumadzulo kwa Ulaya, otchedwa Afulanki, imene ikuoneka pa zithunzi zambiri zoyambirira mpaka pamene anaigumula pakati pa 1874 ndi 1875 ndi ndalama za Heinrich Schliemann. Boma latsopano la Greece linkafuna kuti phirilo lizionetsa nthawi ya Agiriki akale yokha, choncho zimene mibadwo ya pakati inawonjezerapo zinachotsedwa. Phiri loyera limene timaliona lero ndi zotsatira za chosankha chimenecho.

Ku Cologne, m'dziko la Germany, nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Tchalitchi chachikulu cha mumzindawo anayamba kuchimanga mu 1248, ntchito inaima chisanathe, ndipo kireni yamatabwa imene amisiri ankakwezera miyala inatsala pamwamba pa nsanja ya kum'mwera kwa zaka pafupifupi 400, mpaka inasanduka chizindikiro cha mzindawo. Ntchito inayambiranso mu 1842, kireniyo anaichotsa mu 1868, ndipo nsanja ziwiri zotalika mamita 157 zinatha mu 1880. Kamera inapezeka nthawi yabwino kuti igwire kireniyo isanachoke, ndipo aliyense woona zithunzizo amazindikira msanga kuti mbali yaikulu ya kutsogolo kwa tchalitchichi ndi ya nthawi ya sitima zapamtunda. Taj Mahal, nyumba ya manda ya ku India, nayo ili ndi chinsinsi chake. Zithunzi za m'ma 1850 ndi m'ma 1860, za ojambula monga John Murray ndi Samuel Bourne, zikuonetsa munda wodzaza ndi mitengo yothithikana imene inkabisa mbali yaikulu ya mandawo, moti mlendo ankawaona pang'onopang'ono akamayandikira. Kapinga wotambalala ndi mizere ya mitengo yodulidwa bwino nthambi zinabwera ndi ntchito yokonzanso imene Lord Curzon, bwanamkubwa wa Angelezi ku India, analamula, imene inatha mu 1908. Chithunzi chotchuka cha pa chipata, chimene nyumba yonse imaoneka poyera pamodzi ndi chithunzithunzi chake m'madzi, chinatheka chifukwa cha mmene Angelezi ankakondera minda yawo.

Kuti timvetse zimene wojambula amachita ndi manja ake, tiyenera kuyamba ndi vuto limene aliyense amene anayesapo kujambula nyumba yaitali analiona. Munthu akaima pafupi, nsonga ya nyumba siikwana m'chithunzi, choncho amapendeketsa kamera kuti iyang'ane kumwamba. Akatero, makoma amene ali chilili amaoneka akuyandikirana pamwamba, ndipo nyumba imakhala ngati ikugwa chagada. Kamera siinalakwitse pamenepa. Pamwamba pa nyumba ndi patali kuposa pansi pake, ndipo chinthu chakutali chimaoneka chaching'ono, monga mmene njanji ziwiri zimaonekera ngati zikukumana kutsogolo. Diso lathu limaonanso chimodzimodzi tikakweza mutu, koma ubongo umadziwa kuti takweza mutu ndipo umawongola zimene taona. Papepala thandizo limenelo palibe. Komanso kuyambira pamene Filippo Brunelleschi ndi Leon Battista Alberti anakhazikitsa malamulo ojambulira kuya kwa malo ku Florence kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, anthu anazolowera zojambula zimene mizere yopita kutsogolo imakumana koma mizere yoimirira imakhalabe yoimirira. Ojambula ndi kamera analandira lamulo limeneli kwa ojambula ndi manja.

Njira yothetsera vutoli ndi kusunga filimu, kapena sensa ya kamera zamakono, itaima chilili mofanana ndi khoma la nyumba, kenako n'kukweza lenzi yokha m'mwamba kamera isanapendekeke. Izi zimatheka chifukwa lenzi imaponya chithunzi chozungulira kumbuyo kwake, ndipo lenzi yopangidwira ntchitoyi imaponya chozungulira chachikulu kuposa filimu. Wojambula akasuntha lenzi, filimu imatenga gawo lina la chozunguliracho, gawo limene muli nsonga ya nyumba, n'kusiya msewu wapansi umene sunali wofunika. Kamera zazikulu zakale, zija wojambula amafunda nsalu yakuda n'kumaona chithunzi chozondoka pagalasi, zinali ndi chikopa chopindika pakati pa lenzi ndi filimu kuti mbali ziwirizi zizisuntha pazokha, ndipo n'chifukwa chake ojambula nyumba anakakamira kamera zolemerazi anzawo onse atazisiya kalekale. Kampani ya Nikon inatulutsa lenzi yosuntha ya kamera zazing'ono kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Canon inatulutsa yosuntha ndi kupendekeka mu 1973. Kupendeketsa lenzi kuli ndi ntchito ina: kumasintha malo amene chithunzi chimaonekera bwino, kuti pansi ponse pa chipinda kuyambira pafupi mpaka kutali paoneke bwinobwino mofanana, motsata lamulo limene limadziwika ndi dzina la Theodor Scheimpflug, msilikali wa ku Austria amene analifotokoza mu 1904.

Masiku ano ambiri amawongola makoma pa kompyuta, ndipo zimatheka, koma pulogalamu imachita zimenezi pokoka mbali ya pamwamba ya chithunzi, moti tinthu ting'onoting'ono ta pamenepo timafufutika ndipo nyumba ikhoza kuoneka yaifupi kapena yonenepa kuposa mmene ilili. Palinso msampha wina. Nyumba yaitali kwambiri ikawongoledwa kotheratu imaoneka ngati ikufutukuka pamwamba, choncho ojambula odziwa amasiya dala kupendekeka pang'ono kuti diso likhulupirire. Ndipo si nyumba zonse zimene zili zowongoka. Nsanamira za Parthenon anazimanga zitapendekera pang'ono mkati, ndipo pansi pamene zaimapo pamatukuka masentimita angapo chapakati. Amene angawongole mizere imeneyi pa kompyuta wafufuta chinthu chimene amisiri anavutikira koposa.

Kuwala ndi chosankha chachiwiri. Dzuwa likawomba khoma kuchokera kumbuyo kwa wojambula, khomalo limaoneka lathyathyathya. Likawomba chammbali, njerwa iliyonse, chosema chilichonse ndi mng'alu uliwonse zimakhala ndi mthunzi wake, ndipo khoma limasonyeza zimene analimangira. Motero wojambula amayamba wafufuza kumene nyumba yayang'ana, kuti adziwe ola limene mbali iliyonse idzalandire dzuwa, ndipo m'mayiko akutali ndi pakati pa dziko muli makoma amene amaliona miyezi yochepa yokha pachaka. Nyumba zamagalasi zimafuna nthawi ina, ya chisisira, pamene kuwala kwa kunja kwatsika mpaka kufanana ndi kwa magetsi a mkati. Masana galasi limangobweza mitambo, usiku mawindo amayaka mopitirira, koma kwa mphindi zochepa za pakati pake mkati ndi kunja zimaoneka limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kudikira kamera ili kale pa miyendo yake itatu.

Zithunzi ziwiri za ku America zikusonyeza kutalika kwa pamene zosankhazi zingafike. Mu 1937 Bill Hedrich analowa mumtsinje kumunsi kwa nyumba ya Fallingwater, imene Frank Lloyd Wright analemba mapulani ake ku Pennsylvania, n'kuijambula kuchokera pansi, makonde ake akonkire akuoneka ngati akuyandama pamwamba pa mathithi. Anthu okhala m'nyumbamo amamva mkokomo wa mathithiwo koma sawaona bwinobwino, ndipo mlendo wobwera pa msewu safikira mbali imeneyo. Komabe nyumbayo imadziwika padziko lonse ndi maonekedwe a mumtsinjewo. Mu 1960 Julius Shulman anajambula nyumba ya Stahl, ya Pierre Koenig, pamwamba pa phiri ku Los Angeles: atsikana awiri ovala zoyera akucheza m'chipinda chagalasi chimene chalenjekeka pamwamba pa magetsi a mzinda. Nyumbayo inali isanathe kwenikweni ndipo mipando inali yobwereka. Shulman anazimitsa magetsi a mkati, anasiya kamera itatsegula kwa mphindi pafupifupi 7 kuti igwire magetsi a mumzinda, kenako anawalitsa chipindacho ndi fulashi. Chimene chinatuluka ndi nthawi ziwiri zosanjikizidwa pa filimu imodzi, ndipo chinagulitsa kamangidwe kamakono kwa anthu kuposa mmene mapulani aliwonse akanachitira.

Palibe nyumba imene inadalira zithunzi kuposa imene dziko la Germany linamanga pa chionetsero cha mayiko onse ku Barcelona mu 1929, ntchito ya Ludwig Mies van der Rohe ndi Lilly Reich. Inali yaing'ono, ya denga lathyathyathya lokhala pa nsanamira zachitsulo zowonda, ndi makoma agalasi ndi amiyala yosalala amene sankatseka chipinda chilichonse kotheratu. Inaima miyezi yowerengeka ndipo anaiphwasula kumayambiriro kwa 1930. Zimene zinatsala ndi zithunzi zosakwana 20 zakuda ndi zoyera, zimene zinasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 50, mpaka nyumba imene inali kulibe inakhala imodzi mwa zophunziridwa koposa m'masukulu a zomangamanga. Ophunzira ankaiona ngati nyumba yofatsa yopanda mitundu, pamene inali ndi nsangalabwi wobiriwira, khoma la mwala wa mtundu wa golide, katani yofiira ndi kapeti yakuda. Kutsogolo kwake kunali mzere wa nsanamira 8 za kamangidwe kachigiriki, zimene zinali mbali ya bwalo la chionetserocho, koma wojambula anaima moti zisasokoneze chithunzi cha nyumba yamakono. Pamene Ignasi de Solà-Morales, Cristian Cirici ndi Fernando Ramos anaimanganso pamalo omwewo n'kuimaliza mu 1986, anadalira zithunzi zomwezo, mapulani ochepa amene anatsala ndi maziko akale amene anawafukula. Mlendo wa lero amalowa m'nyumba yomangidwa motsata zithunzi, ndipo kawirikawiri amafunafuna pamene wojambula wa 1929 anaima kuti ajambule chimodzimodzi.

Nthawi zina kusankha kumafika pa kufufuta. Katswiri wa mapulani a nyumba Le Corbusier, m'buku lake la 1923, anasindikiza zithunzi za nkhokwe zikuluzikulu zakonkire za ku America monga chitsanzo cha kamangidwe kopanda zokongoletsa, koma anayamba wafufuta zokongoletsa zimene zinali pamwamba pa zina mwa nkhokwezo. Ku Japan, Yasuhiro Ishimoto, amene anaphunzira kujambula ku Chicago, anajambula nyumba yachifumu ya Katsura ku Kyoto, yomangidwa m'zaka za m'ma 1600. M'buku limene linatuluka mu 1960, katswiri wa mapulani Kenzo Tange anadula zithunzizo m'mbali, n'kuchotsa madenga opindika, kuti patsale mizere yowongoka ya mitengo ndi makoma oyera, ndipo owerenga a ku Ulaya anaona nyumba yakale imene inkaoneka ngati inalosera kamangidwe kawo. Ishimoto atabwererako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 n'kujambula ndi filimu yamitundu, madenga ndi zokongoletsa zili pomwepo, inatuluka ngati nyumba ina. Sindikuona kuti ndi chilungamo kunena kuti buku loyambalo linanama, pakuti mizere ija ilipodi ku Katsura, koma linaphunzitsa m'badwo wonse kuona theka la nyumba.

Pali mwambo wina wa kujambula umene cholinga chake ndi kuyeza, ndipo unayamba ndi ngozi. Mu 1858 Albrecht Meydenbauer, mnyamata woyeza nyumba za boma la Prussia, anatsala pang'ono kugwa ali m'dengu lolenjekeka pamene ankayeza tchalitchi chachikulu cha ku Wetzlar. Anayamba kuganiza zoyeza nyumba ali pansi. Mfundo yake inali yakuti ngati munthu akudziwa bwino kapangidwe ka kamera yake, malo awiri amene anaima ndi mtunda wa pakati pa malowo, ndiye kuti nsonga iliyonse yooneka pa zithunzi zonse ziwiri ingawerengedwe pamene ili, pogwiritsa ntchito masamu a makona atatu. Mu 1885 boma linamutsegulira ofesi ku Berlin, imene inajambula nyumba zakale pa magalasi akuluakulu a masentimita 40 mbali zonse, mpaka magalasiwo anafika zikwi zambiri. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse atagumula mizinda ya Germany, ena mwa magalasi amenewa anathandiza pomanganso. Ku United States, ntchito yolemba ndi kujambula nyumba zakale ya Historic American Buildings Survey inayamba mu 1933, pofunanso kupatsa ntchito akatswiri a mapulani amene anali pa ulova, ndipo zithunzi zake zimasungidwa ku Library of Congress.

Bernd ndi Hilla Becher, mwamuna ndi mkazi wake, anatenga kuuma kwa mwambo umenewu n'kukusandutsa luso. Kuyambira mu 1959 ankajambula matanki amadzi, ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi nsanja za pa migodi, nthawi zonse kuli mitambo kuti pasakhale mithunzi, kamera itayang'ana molunjika, kenako n'kuika zithunzizo m'mizere kuti diso lifananitse. Zambiri mwa zimene anajambula zinagwetsedwa mafakitale atatsekedwa, koma ntchito yawo inathandiza kupulumutsa nyumba ya makina ya mgodi wa Zollern ku Dortmund. Chithunzi chingathenso kuweruza nyumba molakwa. Cha mu 1972 cha nyumba za Pruitt-Igoe ku St. Louis, ku America, zikugumulidwa dala ndi mabomba chinagwiritsidwa ntchito zaka zambiri ngati umboni wakuti kamangidwe kamakono kanalephera. Koma fumbi la pachithunzicho silinena za tsankho la mitundu, za kuchepa kwa anthu ndi ntchito mumzindawo, kapena za lamulo lakuti ndalama zokonzera nyumba 33 zosanjikizana ka 11 zizichokera ku lendi ya anthu osauka amene ankakhalamo.

Mbadwa ya njira ya Meydenbauer ndi makina a laser ndiponso mapulogalamu amene amalumikiza zithunzi mazanamazana kukhala chifaniziro cha nyumba pa kompyuta. Andrew Tallon, mphunzitsi wa mbiri ya zomangamanga ku Vassar College, anayeza tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris ndi laser n'kusonkhanitsa timadontho toposa biliyoni imodzi, kadontho kalikonse kakusonyeza malo ake molondola mpaka mamilimita ochepa. Cholinga chake chinali kuona mmene makoma anapendekera m'kupita kwa zaka. Anamwalira mu 2018, ndipo pa 15 Epulo 2019 moto unapsereza denga la tchalitchicho ndi kugwetsa nsanja yake yosongoka. Miyezo yake inakhala yamtengo wapatali, komabe laser ndi kamera zimangoona kunja kwa chinthu. Mmene mitengo ya denga la zaka za m'ma 1200 inalumikizirana, akalipentala anazidziwa kwambiri kuchokera ku zojambula za Rémi Fromont ndi Cédric Trentesaux, amene anakwera m'dengamo zaka zochepa moto usanachitike n'kuyeza mitengoyo ndi manja. Ndipo nsanja imene anaimanganso, tchalitchicho chisanatsegulidwe mu Disembala 2024, ndi ya Viollet-le-Duc ya mu 1859, yotalika mamita 96. Nsanja yoyambirira anaichotsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kamera isanabadwe, choncho imene dziko lonse linkaidziwa ndi kuilira inali ya wokonzanso uja.

Zonsezi zimatengera ganizo lakuti nyumba ili ndi maonekedwe amodzi oyenera kusungidwa, ndipo mzikiti waukulu wa ku Djenné m'dziko la Mali umatsutsa ganizo limenelo. Mapositikhadi a Edmond Fortier a mu 1906 akuonetsa mabwinja a mzikiti wakale, umene wolamulira Seku Amadu anausiya kuti ugwe m'zaka za m'ma 1830, ndipo ndi umboni waukulu pa mkangano wa akatswiri wakuti mzikiti wa mu 1907, umene amisiri a mumzindawo anamanga motsogozedwa ndi Ismaila Traoré m'nthawi ya ulamuliro wa Afalansa, unatengera zochuluka bwanji kwa wakalewo. Mzikitiwu ndi wa zidina ndi dothi. Mvula imaukokolola chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse anthu a mumzindawo amasonkhana kuumatanso, akukwera pa mitengo ya migwalangwa imene imatulukira m'makoma ake. Munthu akaika zithunzi za zaka zosiyanasiyana pamodzi amaona makona akuthwa a zithunzi zoyambirira akunka nabulungika ndi makoma akunenepa, chifukwa dothi latsopano linkamatidwa pamwamba pa lakale. Kulemera kwa dothi limeneli kunafika podetsa nkhawa, ndipo mbali ya nsanja imodzi inagwa mu Novembala 2009 mvula yamphamvu itagwa, pamene bungwe la Aga Khan Trust for Culture linali pa ntchito yokonza mzikitiwo. Okonzawo anachotsa dothi lochuluka limene linaunjikana padenga ndi pamakoma, ndipo poganiza pamene alekezere kupala anayenera kufananitsa zithunzi zakale ndi zimene amisiri a ku Djenné ankadziwa za khoma lililonse.